Ndi chako, kapena angokugwiritsa? Tikambirane za liwu loti “own”

Atsikana anzanga, asisi, ndi inu azakhali mwakhala kumbuyoko ngati simukufuna kuoneka, muli bwanji nonse? Amene mwachokera ku Lizulu ndi ku Tsangano mphepo munaizolowera, koma a ku Bwanje ndi ku Sharpevale ndikukuonani mwadzikulunga m'zitenje. Limbani mtima, tiyi akubwera.

Mutu andipatsawu ukumveka ngati wa m'kalasi ya Chingerezi ya Fomu 2. Akuti ndikambe za liwu limodzi la zilembo zitatu: o, w, n. Own. Musayasamule msanga. Tsegulani mafoni anuwo muone ma status a anzanu, muone zimene atsikana amalemba pansi pa dzina lawo pa Facebook ndi pa TikTok. Wina walemba “my own boss”. Wina “on my own”. Wina waika chithunzi ataima pa galimoto ya eni ake pa filling station, pansi pake “owning it”. Kamawu kameneka timakakonda, timakavala ngati wigi yatsopano. Ndiye lero tikavule, tione m'kati mwake muli chiyani.

Tiyambe ndi tanthauzo lapafupi. Pa Chingerezi ukhoza kunena “my phone”, ukhozanso kunena “my own phone”. Zonse ziwiri pa Chichewa ndi foni yanga. Nanga own akudzatani pamenepo? Akudzatsindika. Ali ngati ife tikamati yangayanga, yanga yeniyeni, osati yobwereka. Ndipo munthu sutsindika chinthu popanda chifukwa. Umatsindika chifukwa penapake pali chikayiko. “My phone” ikhoza kukhala foni imene ili m'manja mwako lero basi. “My own phone” ndi ija yoti palibe angabwere usiku atakwiya n'kunena kuti bweretsa foni yanga ndimakugulira ndine.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ambirife zinthu zimene timazitcha zathu zili pachala.

Ndikufunseni, ndipo musayankhe mokweza, yankhani mumtima. Layini ya foni imene mukugwiritsa ntchitoyo idalembetsedwa ndi chitupa cha unzika cha ndani? Kuyambira 2018 SIM iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chitupa. Atsikana ambiri nthawi imeneyo chitupa analibe, kapena anachita ulesi ndi mzere, ndiye chibwenzi kapena achimwene n'kuti bweretsa ndikulembetsere pa changa. Zinaoneka ngati chikondi, eti? Koma mu layini yomweyo ndi mmene muli Airtel Money kapena Mpamba yanu, ndi mmene makasitomala anu a kaunjika amatumiza ndalama, ndi mmene mpamba wonse wa geni umagona. Tsiku limene mwayambana, mwini chitupa uja akhoza kupita kukanena kuti SIM yake yatayika, n'kupatsidwa ina ya nambala yomweyo. Inu yanuyo yangoti zii. Kwa kampani, mwini layini ndi amene dzina lake lili m'kompyuta, osati amene amaika mayunitsi. Ngati pali chinthu chimodzi choti muchite sabata ino, n'chimenechi: tengani chitupa chanu, mukatsegule layini ya m'dzina lanu, ndalama za geni zisamukire kumeneko. PIN musamauze munthu, olo amene mumagona naye bulangete limodzi.

Funso lomweli lifunseni pa zina zonse. Njinga yamoto ya kabaza imene mudasonkherana, blue book ili m'dzina la ndani? Filiji ya mafirizesi ija, lisiti lake lili kuti? Benchi ya pamsika, ku khonsolo adalemba ndani? Mashini osokera? Akaunti ya ku banki? Ndiye pali funso lachiwiri lomwe ndi lowawa kuposa loyamba: mungathe kugulitsa chinthucho, kapena kuchipereka kwa mng'ono wanu, osayamba mwapempha chilolezo kwa wina? Ngati yankho ndi ayi, chinthucho angokugwiritsani.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa Chichewa sichidadikire azungu kuti atiphunzitse za umwini. Tili ndi liwu lathu, mwini. Mwini nyumba, mwini munda, mwini mudzi, eni nthaka, eni ake. Ndipo liwu lathuli ndi lakuya kuposa la Chingerezi, chifukwa mwini si wongokhala ndi chinthu, ndi amenenso amayankha chikavuta. Pamaliro timafunsa kuti eni mbumba ali kuti, sitiyamba mwambo asanafike. Mbuzi ikadya chimanga cha wina timasaka mwini wake. N'chifukwa chake Mmalawi akamayankhula Chingerezi umamva akuti “the owner has come”, akutanthauza kuti mwini wake wafika, munthuyo payekha. Mzungu amadabwa kuti owner wa chiyani, koma ife timamvana.

Koma tamvani izi. Mtsikana akakwatiwa timati ameneyo musamuyandikire, ndi mkazi wa mwini. Mwamvetsa? Wa mwini. Ena amateteza kuti aaa, timanenanso mwamuna wa mwini, ndiye palibe tsankho. N'zoona timatero. Koma taonani mmene mawu awiriwa amagwirira ntchito. Tikati mwamuna wa mwini timakhala tikuchenjeza mtsikana wina kuti asalowerere banja. Tikati mkazi wa mwini nthawi zambiri timatanthauzanso kuti pali wina amene ali ndi ulamuliro pa mayendedwe ake, zovala zake, foni yake, ndi ndalama yake. Mnyamata wovutitsa atsikana pa depoti, ukamuuza kuti sindikufuna samva, amakutsatirabe. Ukamunamiza kuti ndili pabanja, pompo wabwerera, “pepani sindimadziwa kuti ndinu a eni”. Ayi wako alibe mphamvu, koma dzina la mwamuna amene palibe n'komwe lamubweza. Pamenepo ndiye pamandipweteka ine.

Ngakhale dzina lenilenilo. Agogo athu kuno ankaitanidwa ndi mfunda wawo mpaka kumanda: anaNgozo, anaPhiri, anaJere, anaMbewe. Kukwatiwa sikunkawachotsera dzina. Zoti mkazi akakwatiwa asanduke Mrs uje zidabwera ndi mishoni ndi sukulu. Ndiye wina akamakuuzani kuti kusunga dzina la kwanu n'chizungu, mufunseni kuti agogo ake aakazi ankatchedwa ndani.

Nkhani ya malo ndiye ndikhalitsapo, chifukwa kuno ku Ntcheu ndi pamene timanamizidwa kwambiri, ndipo timadzinamizanso tokha.

Angoni a kwa Gomani atakhazikika kuno adakwatirana ndi Achewa ndi ena amene adawapeza, ndipo m'midzi yambiri ya boma lino ukwati ndi wachikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka, amakamanga kwa mkazi, amalima munda wa kuchikazi, ana ndi a kwa mayi. Mpaka pali mwambi woti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Anzathu a ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene mkazi amapita kwa mwamuna, akamva zimenezi amati inu a ku Ntcheu ndiye muli pabwino, malo ndi anu. Ndipo pali choonadi chake. Mkazi wa chikamwini banja likatha sasenza mtolo, amene amanyamula kachikwama ndi bambo. Chimenecho si chinthu chaching'ono, tisachipeputse. Ku England, kufikira chaka cha 1870, ngakhale malipiro amene mkazi wapabanja wakhetsera thukuta anali a mwamuna wake mwalamulo, ndipo lamulo lomulola kukhala ndi katundu wakewake mokwanira lidabwera mu 1882. Ku America, mpaka 1974 banki inkatha kukaniza mkazi ngongole chifukwa choti palibe mwamuna womusayinira. Nthawi yonseyo azigogo athu kuno minda inkadutsa m'manja mwawo kupita kwa ana awo aakazi.

Koma munda kudutsa m'manja mwako ndi kwina, kukhala ndi mawu pa mundawo ndi kwinanso. Mwini mbumba ndi ndani? Ndi malume, ndi mlongo wako wamwamuna. Akafuna kubwereketsa dimba kwa munthu wa ndalama wochokera ku Lilongwe, kangati amayamba wakhala pansi ndi alongo ake? Ndiye pali za zokolola. Pitani pa Tsangano turn-off kapena pa msika wa Lizulu muone matumba a kachewere, kabichi, tomato, anyezi, kaloti. Funsani kuti anabzala ndani, anapalira ndani, ankathirira ndani m'mawa kuli chisanu chija. Kenako funsani kuti lole ya ku Blantyre italipira, ndalama inalowa m'thumba la ndani. M'mabanja ambiri munda ndi wa mayi, khasu ndi la mayi, msana wopweteka ndi wa mayi, koma tsiku logulitsa bambo ndiye amavala jekete. Akabwerako madzulo, kaya mawa lake, ndi nkhani ya “mitengo inagwa”. Umwini wotere uli ngati kukhala ndi ng'ombe imene mkaka wake umangoumvera kwa anthu.

Ndipo ambiri a inu simudzakhala kumudzi. Muli pa boma pano, ena mawa muli ku Area 25, ku Ndirande, ku Chinsapo, ena ku Joni. M'tauni mulibe chikamwini. M'tauni muli puloti, ndipo puloti imamvera pepala. Apa ndi pamene mtsikana wa ku Ntcheu amagwa chagada, chifukwa anakula akudziwa kuti nyumba ndi ya mkazi, ndiye saona chifukwa chofunsira kuti pa pepala logulira malo alembapo ndani. Amatenga ndalama ya ku banki mkhonde kugula njerwa, ya chipereganyu kugula malata, bonasi yake kugula simenti, pepala lili m'dzina la bambo okha. Chimodzimodzi amene wapita ku chitengwa: kwanu wachokako, munda wako alongo ako agawana, ndipo kumene wapitako ndiwe mlendo.

Kodi malamulo akuti chiyani? Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, mu gawo 24, amanena kuti mkazi ali ndi ufulu wopeza ndi kusunga katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ndi wokwatiwa kaya ayi. Gawo lomwelo limati banja likatha, katundu amene munali naye limodzi agawidwe mwachilungamo. Lamulo la maukwati la 2015 lidapita patsogolo: khoti likamagawa katundu liyenera kuona zimene aliyense adathandizira, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kuphika, kuchapa, kulera ana, kudwazika apongozi, lamulo limaziwerenga. Ndiye zoti “unagulapo chiyani iwe, sunkagwira ntchito” si mawu omaliza. Mu 2020 Khoti Lalikulu lidagamula mlandu wa mayi wina amene adavutika kusamalira pakhomo mwamuna wake akuphunzira mpaka kutenga digiri, kenako bambo n'kumusiya. Khoti lidati mayiyo ayenera kulipidwa chifukwa maphunzirowo adapezeka ndi thukuta la onse awiri. Anthu adakangana kwambiri pa Facebook nthawi imeneyo, mwina mukukumbuka.

Pa malo a kumudzi palinso lamulo la 2016 lomwe limalola kuti munthu alembetse malo ake a makolo n'kukhala ndi chikalata, payekha kapena anthu angapo pamodzi. Komiti yoona za malo ya kwa gulupu imakhala ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi kuwonjezera pa mfumu, ndipo mwa 6 amenewo osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Ine lamulo limeneli ndimaliona ngati mpeni wakuthwa konsekonse. Likhoza kukutetezani, koma likhozanso kukuphani ngati mukugona. Tsiku limene alembi a malo adzafike m'mudzi mwanu n'kufunsa kuti mutu wa banja ndani, bambo kapena malume akadzangotchula dzina lawo, munda umene unali wa amayi anu ndi agogo anu udzakhala wa mwamuna mwa pepala, mpaka kalekale. Chimene chikamwini chinakusungirani zaka zonsezi chikhoza kupita ndi siginecha imodzi. Ndiye mukamva kuti kwanu kukubwera zolembetsa malo, kwerani minibasi mupite. Uzani amayi anu, uzani azakhali anu.

Komabe ndinene chilungamo: lamulo lili m'buku, ndipo kukafika ku khoti kumafuna thiransipoti, nthawi ndi mtima wolimba. Mlandu umatha kutenga zaka. N'chifukwa chake ndimakonda kuti dzina lanu likhale pa pepala kuyambira tsiku loyamba, kusiyana n'kudzalimbana kuti alilowetsepo mutadana kale. Mayina awiri pa chikalata chimodzi amakwana bwinobwino. Mwamuna amene akukana kuti dzina lanu lilembedwe pa nyumba imene mukumanga limodzi wakuuzani kale mmene akuganizira, kungoti inu simukufuna kumva.

Pali kanthu kena kokoma m'mbiri ya liwuli. Pa Chingerezi pali own, palinso owe, kukhala ndi ngongole. Ana asukulu amawasokoneza, aphunzitsi n'kumawathira cholembera chofiira. Koma anawo salakwitsa kwambiri, chifukwa mawu awiriwa ndi apachibale, adachokera ku liwu limodzi la Chingerezi chamakedzana. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, ndipo m'moyo kusiyana kwake n'kochepanso choncho. Foni ya pangongole yolipira tsiku ndi tsiku ija, ukadumphitsa amaitseka. Ndi yako? Katundu wa mu shopu amene waoda ndi ndalama ya katapila, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, ndi wako? Sindikunena kuti ngongole ndi tchimo, geni yambiri imayamba ndi ngongole. Koma dziwani kuti pa zimene zili m'manja mwanu, zingati ndi own, zingati ndi owe.

Ndipo ngongole yoopsa kwambiri ndi ija yosalembedwa. Ma blesser. Tisanamizane, tonse tikuwadziwa, ena atiimitsirapo galimoto pa M1 pomwepa. Akakulipirira lendi, fizi, tsitsi ndi iPhone, palibe pepala limene wasayina, koma ngongole ilipo, ndipo wobwereketsayo ndi amene amasankha kuti ubweza bwanji, liti, komanso ngati pakhale kondomu kapena ayi. Sindikuweruza munthu, ndikudziwa fizi ya ku koleji mmene ikuwawira ndiponso kuti ena kunyumba kulibe wotumiza olo 5 sauzande. Ndikungoti tizitchula zinthu ndi mayina ake. Pa status tisalembe “my own” pamene mtima ukudziwa kuti foni ikalira usiku uyenera kudzuka.

Za ndalama ndiwonjezere kamodzi. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adasunga ndalama zake m'kachitini anadzuka ndalamazo zilipo zonse, koma zogula zake zachepa. Amene anali ndi mbuzi ziwiri kwa amayi ake ku Kasinje, kapena mashini osokera, kapena matumba a nyemba, sanalire chimodzimodzi. Ndiye pamene mukuganiza zokhala ndi chanuchanu, musamangoganiza za ndalama ya m'foni.

Tsopano “on my own”. Ameneyu ali ndi nkhope ziwiri. “I did it on my own” ndiye kuti ndachita ndekha, ndi mphamvu zanga, palibe anandinyamula. Koma “I am on my own” ikhozanso kutanthauza kuti ndatsala ndekhandekha, ndilibe wondithandiza. Mawu omwewo, kwina kunyada, kwina kulira. Ndipo ndaona atsikana ambiri akusokoneza ziwirizi. Akuganiza kuti kudziimira pawekha ndiye kuti usapemphe thandizo, usauze munthu mavuto ako, uzingolemba “strong woman” uku ukufa ndi nkhawa m'kachipinda ka lendi. Ayi asisi. Amayi a banki mkhonde amakhala anthu 20 pa mkeka umodzi, bokosi limodzi, makiyi ali ndi anthu osiyanasiyana, koma aliyense ali ndi kabuku kake ndipo masheya ake amawadziwa. Pogawana mu December palibe amatenga za mnzake. Kumeneko ndiye kudziimira kumene ine ndikukufuna: uli pagulu, koma gawo lako likudziwika. Ndipo kukhala pabanja sikulanda zimenezi. Sindinabwere kudzathetsa mabanja a anthu, ena mwa ife tili ndi amuna abwino amene amasangalala mkazi akagula puloti. Alipo, osaseka kumbuyoko, alipo ndithu.

Mayi wina wolemba mabuku ku England, Virginia Woolf, adayankhula kwa atsikana a pa yunivesite ya Cambridge mu 1928, ngati mmene tikuchitira panomu, ndipo chaka chotsatira zimene adayankhulazo zidatuluka m'buku lotchedwa A Room of One's Own. Mfundo yake inali yoti mkazi sangalembe mabuku ngati alibe ndalama yakeyake ndi chipinda choti akhoza kutseka chitseko. Iye ankanena za mapaundi 500 pa chaka, zimene kwa ife ndi nthano, ndipo anali mayi wa m'banja lopeza bwino, wokhala ndi antchito. Koma za chitsekozo ndimagwirizana naye. Taganizani mtsikana wa Fomu 4 pa sekondale yoyendera. Mchimwene wake ali ndi gowelo, akalowa n'kutseka ndiye kuti akuwerenga, palibe amamusokoneza. Iye amagona pabalaza ndi ana, buku akalitsegula amayi aitana kuti madzi atha, mwana walira, alendo abwera aphikire. Zotsatira za MSCE zikatuluka timati atsikana sakulimbikira. Nthawi nayonso ndi katundu. Maola awiri patsiku oti ndi akoako, opanda wokutuma, ena sanawaonepo chibadwire. Amene muli ndi ang'ono anu kunyumba, kapena mukusunga mwana wa achibale amene mumati “akutithandiza ntchito”, mupatseni maola amenewo.

Pali “own up” ndi “own it”, kuvomera kuti ichi ndachita ndine. Pa geni n'zofunika. Wasoka diresi ya mwini molakwika, vomera, konza, kasitomala adzabweranso. Wadya mpamba, usanamizire mfiti. Koma chenjerani, chifukwa atsikana timaphunzitsidwa kuvomera ngakhale milandu ya eni. Wagwiriridwa, akuti unavala chiyani. Wamenyedwa, ankhoswe akuti unamuyankha bwanji. Mwamuna wayenda ndi wina, akuti sunkamusamala. Wakutayira zithunzi zako za kuchipinda pa WhatsApp, anthu akutukwana iwe m'malo mwa amene wazitumizayo. Imeneyo si milandu yanu. Ili ndi eni ake, ndipo eni akewo aisenze.

“Mind your own business” ndiye timaidziwa tonse, kwathu timati za eni, kapena za m'banja salowerera. Pa miseche ndi malangizo abwino. Koma mukamva mnzanu wa nyumba yoyandikana nayo akukuwa usiku, zimenezo si za eni. Lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, ndipo silinena za zibakera zokha. Kuletsa mkazi kuchita geni kapena kugwira ntchito, kumulanda malipiro ake, kumumana zofunika pakhomo dala, lamulolo limazitcha nkhanza za pachuma. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support, ndipo khoti la majisitireti likhoza kupereka chikalata chomuletsa munthu kukuyandikira.

Okonda mpira mukudziwanso “own goal”, kudzichinya wekha. Kusiya sukulu chifukwa mwamuna walonjeza kuti adzakusamala, kumeneko n'kudzichinya mphindi yoyamba. Kusiya ntchito chifukwa iye akuchita nsanje ndi abwana ako, chimodzimodzi. Satifiketi ndi chinthu chimodzi chimene achibale a mwamuna sangakweze pa lole.

Ndatchula lole, ndiye ndifike pa za chuma cha masiye, ngakhale ndikudziwa kuti pa msinkhu wanu imfa imaoneka ngati nkhani ya anthu ena. Tonse taonapo: maliro asanathe n'komwe, achibale ayamba kale kuwerenga mipando, wina wakhalira makiyi a galimoto, wina akufunsa za ATM khadi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iyeyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kukaseweza kundende mpaka zaka 10. Ana aakazi ali ndi gawo mofanana ndi ana aamuna, ndipo mwana wobadwira kunja kwa banja naye ndi mwana. Zikavuta, ofesi ya DC ndi poyambira, ndipo a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi kuthandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

Koma wilu si ya madala a mashopu okha. Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wamutu wabwinobwino, akhoza kulemba. Sizifuna Chingerezi, sizifuna loya ngati zinthu zake n'zosavuta. Mulembe pa pepala kuti ndinu ndani, muli ndi chiyani, ndipo chipite kwa ndani. Musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisayine. Mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiluyo, apo ayi mudzawasokonezera gawo lawo. Kenako muisunge pamalo odalirika, munthu mmodzi wokhulupirika adziwe pamene ili. Ena mukuti ndilembamo chiyani ine, ndili ndi kafiliji ndi mbuzi zitatu. Lembani zomwezo. Ngati muli ndi mwana amene bambo ake adathawa ali ndi miyezi iwiri, mukufuna bamboyo adzatulukire pa maliro anu kudzatenga kafilijiko?

Apa ndaona achemwali otsogolera mwambo akundilozera wotchi, ndipo tiyi uja wafika. Mapepala ali patebulo apo ndi oti aliyense alembe zinthu zisanu zimene amati ndi zake, ndipo pambali pa chilichonse alembe dzina limene lili pa lisiti, pa chitupa kapena pa chikalata chake. Simupereka kwa ine, ndi zanu, mupita nazo kunyumba. Tikamwa tiyi tikhala m'magulu, amene ali ndi nkhani za malo mbali iyi, za layini ndi mobile money mbali iyo. Koma ndaona dzanja lakhala lili m'mwamba kuyambira pa nkhani ya blue book ija. Inde asisi a juzi yofiira, imirirani, funsani mokweza kuti a kumbuyo amve.